A Nokul Agonjetsa Sitima ya Gasi

Chaka chomwe boma linalemba mizere pamapu a nyanja yathu n'kupatsa kampani ina chilolezo chofufuza gasi pansi pa madzi, asodzi a m'mudzi mwathu, kumpoto kwa mzinda wa Chittagong, anachotsedwa pamalo awo otcherapo maukonde akulira pakamwa koma mumtima akuvina. Aliyense wochotsedwa ankapatsidwa mbendera yofiira ndi ntchito yongokhala m'boti n'kumakupiza kuti anthu asayandikire sitima yofufuzayo. Anatsala a Nokul okha, ndipo mbendera inatsalanso imodzi.

A Nokul ankaifuna mbenderayo kuposa mpunga. Pamalo pomwe malemu bambo awo anazika nsichi zomangirirapo ukonde panali patadzaza matope, ukonde unkangobwera ndi mapulasitiki ndi nkhanu zowonda, msana nawo unali utayamba kulira ngati chitseko chakale. Koma kwathu kuno munthu sachoka yekha pa nsichi za bambo ake, amachita kukokedwa. Ndiponso ife sitivomera chinthu msanga. Mpunga ukamabwera timatchinga mbale ndi manja onse awiri, wogawayo n'kuthira pamwamba pa zala, tonse n'kukhuta ulemu uli m'malo mwake. Choncho m'mawa wina a Nokul anasamba, anadzola mafuta a mpiru, n'kukakhala pabenchi ya tiyirumu ya kugombe, pomwe pamadzaza anthu osoka maukonde, kudikira kuti akokedwe pamaso pa mboni. Tsoka lake wotumidwa ndi kampani anali mlamu wawo Porimol, mlongo wake wa akazi awo, amene anatha zaka zambiri akugwira ntchito m'sitima zakunja, komwe ukati wakhuta amakuchotsera mbale.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero Porimol, chikwama paphewa, foni m'manja.

"Ndadzuka kuti ndife lero. Khala apo."

"Iii! Mukudwala? Achemwali sanandiuze."

"Ndikuti ndifera pa nsichi za bambo anga. Nena chomwe akutuma, ndipo ukweze mawu anthuwa amve."

Porimol anakonza kukhosi. "Kampani ikupempha ngati mungalole kuti tizule nsichi zanu, sitima idutse ndi zingwe zake zomvetsera pansi pa nyanja."

"Ikutani?"

"Ikupempha."

A Nokul anatsitsa mawu. "Osati ikulamula?"

"Ayi, ikupempha. Onse tinachita kuwapempha."

"Nanga a Horipodo bwanji akuuza mudzi wonse kuti anachita kukokedwa ndi wapolisi?"

"Ooo, tsiku lija! Wapolisiyo anangowagwira dzanja potsika m'boti. Panali poterera."

Chapafupi munthu wina wamkulu anaweramira kwambiri ukonde wake, ngati wapezapo chibowo chachilendo. A Nokul anaimirira, anamanga bwino nsalu yawo m'chiuno, n'kudziguguda pachifuwa.

"Ine Nokul, mwana wa Gourango, ndakana! Ndakana kwa mtu wa galu!"

"Chabwino, alamu. Tsalani bwino." Porimol anakoleka chikwama n'kuponya phazi.

A Nokul anamugwira malaya kumbuyo. "Ukupita kuti?"

"Kukanena kuti mwakana."

"Basi?"

"Nanga pali china?"

"Khala pansi. Funsanso."

"Ndafunsa kale."

"Mphepo inawomba, mwina sunamve bwino. Funsanso, iwe!"

"Kodi mungalole kuti tizule nsichi zanu?"

"Toto! Muyambe mwazula mutu wangawu!"

"Ndamva bwinobwino tsopano. Zikomo."

"Khala pansi ndati!"

Porimol anakhala, akukanda m'mutu. "Ndiye ndikugulireni tiyi, poti tikhalitsa?"

"Ayi, usavutike, ndamwa kale."

"Kapu imodzi basi," Porimol anauza mwini tiyirumu. "Wamkaka, ndi bisiketi."

A Nokul, amene anachoka kunyumba m'mimba muli pululu kuti nkhope ioneke yachisoni, anayang'ana bisiketiyo ikuviikidwa, ikukwera, ikulowa. Mtima unawapweteka. Uyu anali mwana wa m'mudzi momwemu, wobadwira m'fungo la nsomba zouma ngati tonsefe, koma nyanja za eni zinamusukuluza.

"Mbendera yanu ndinabwera nayo," anatero Porimol akutafuna, "poganiza kuti mwina muvomera." Anaitulutsa m'chikwama n'kuitambasula pamiyendo.

"Chisanza chimenecho ndisachione!" anakuwa a Nokul, dzanja lawo likuisisita kale. "Nsalu yake siisuluka?"

"Siisuluka."

"Ndodo yake munthu amadzipezera yekha?"

"Amapereka. Ndi ambulera yomwe. Masana amabweretsa nkhomaliro, mpunga ndi nkhuku."

A Nokul anameza malovu, n'kutembenukira kwa osoka maukonde. "Mwamva, abale inu? Nkhuku! Akufuna kugula mwana wa Gourango ndi nkhuku!" Kenako chapansipansi, "Yamsuzi kapena yokazinga?"

"Amasinthasintha."

"Chotsa! Ichotse pamaso panga!"

Porimol anaipinda bwinobwino, anaibweza m'chikwama, n'kutseka zipi mpaka kumapeto. A Nokul anamva ngati zipiyo yadutsa pakhungu pawo.

"Tamvera, mlamu," anatero akuphethira diso limodzi mwamphamvu. "Munthu akakana chonchi, boma lili ndi manja aatali. Sichoncho?"

"Diso lanu latani? Mwalowa mchenga?"

"Diso langa lilibe kanthu."

"Dikirani ndikuuzireni." Porimol anaika kapu pansi, anawakanula chikope ndi zala ziwiri n'kuuzira mwamphamvu. "Fuuu! Watuluka?"

"Choka apa, fungo la bisiketi! Ndikufunsa za boma. Apolisi aliko? Unyolo uliko?"

"Apolisi aliko kutauni. Unyolo tili nawo wa nangula."

"Nanga sitimayo, yaikulu ngati phiri, ingaime chifukwa cha nkhalamba imodzi? Dziko lonse lisowe gasi chifukwa cha ine? Tandiuza choncho, mokweza, kuti ndiganize mofatsa."

"Ayi, musadandaule. Malo anu pamapu ndi kadontho, ngati chitosi cha ntchentche."

"Chitosi cha chiyani?"

"Cha ntchentche. Yaing'ono."

"Koma taganiza za mlongo wako, mlamu. Akuphikabe ndi ndowe za ng'ombe, utsi uli thoo m'maso. Sungandichonderere m'dzina lake?"

"Gasiyo akapezeka adzapita kulikulu ku Dhaka, alamu. Achemwali ndowe sadzasiyana nazo. Musadzivute ndi zimenezo."

Apa n'kuti anthu atasiya singano zawo n'kuyandikira. Kwathu mkangano sufuna kuitanira. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Ameneyo ndiye mwana wa Gourango!" ndipo a Nokul anamva chifuwa chikufufuma chokha. Anaganiza kuti vuto n'lakuti moto wachepa. Mabwana akapsa mtima, apolisi abwera okha.

"Foni yakoyo imanyamula mawu?"

"Imanyamula."

"Tsegula. Mabwana ako amve zonse, usachotsepo ngakhale liwu limodzi."

Porimol anadina foni n'kuilozetsa pakamwa pawo ngati akuwapatsa mankhwala.

"Inu a kampani, ndi inu a boma amene mukugulitsa nyanja ngati biringanya pamsika! Munaifukula ndinu? Nsichi zimene zija anazika bambo anga ndi manja awo, madzi ali m'khosi, chaka cha namondwe! Pansi pake pali phulusa la mtembo wawo!"

Porimol anachotsa chala pafoni. "Phulusa la bambo? Suja tinakalitaya kumtsinje wa Karnaphuli? Ine ndi amene ndinanyamula mphika."

"Lina linakanirira pansi pa mphikawo."

"Ndinautsuka."

"Sunautsuke bwino. Ngakhale mbale kwanu sutsuka bwino, mlongo wako amanena. Dina!"

Porimol anadina.

"Ndiponso Mayi Ganga, mulungu wathu wamkazi, eni ake madzi onsewa, amapumira pa nsichi zimene zija masana aliwonse!"

Anthu anati, "Haaa!" Ena anagwira pamphumi. Porimol anatong'ola maso.

"Zoona, alamu? Munawaona?"

"Anandiyendera kutulo."

"Anavala chiyani? Mwina abwana afunsa."

"Zoyera."

"Anabwera wapansi?"

"Atakwera ng'ona, nanga amayenda bwanji? Iwe kukachisi unasiya liti?"

"Ng'ona m'madzi amchere?"

"Ndi ng'ona yawo, imapita komwe iwo afuna! Tumiza!"

Porimol anatumiza, n'kupukuta foniyo pamalaya mwaulemu. Sipanapite nthawi inalira. Anaiika kukhutu, akugwedeza mutu, akuti, "Inde, amayi. Inde, amayi." A Nokul anali atayamba kale kusankha m'maganizo dzanja lomwe adzapereke kwa wapolisi. Anasankha lamanzere, poti phewa lamanja linkawawa.

"Abwana akuti pepani kwambiri," anatero Porimol. "Sitima izungulira malo anu. Nsichi zanu sitizikhudza."

A Nokul anagwa mphwayi. Koma posakhalitsa nkhope yawo inawala. Anamukoka Porimol khutu n'kumunong'oneza.

"Mayi ameneyu analeredwa bwino. Kwawo n'kuti?"

"Sindikudziwa."

"Ndi wathu ndithu. Waona? Akutchinga mbale. Akuyembekeza kuti ine ndiwonjezere, ndiye iye akalipe."

"Sakudya, alamu. Ali mu ofesi."

"Tsegula foni, chitsiru iwe." A Nokul anakwera pabenchi, bondo likulira. "Kuzungulira ndakananso! Ngakhale mthunzi wa sitima yanu usagwe pamadzi amene aja! Mukayandikira ndidzimangirira pansichi ndi chingwe, madzi akwere andimize, mzimu wanga uzidzalowa m'mapaipi anu a gasi n'kumazimitsa mbaula za ku Dhaka nthawi ya chakudya!"

Amayi oyanika nsomba anaimba nthungululu. Mwini tiyirumu anamenya poto ndi chikombe. Kunena zoona, tonse amene tinalipo tinanyada kwambiri, makamaka ife amene mbendera zathu zinali kale m'maboti.

Foni inaliranso. Ulendo uno Porimol analankhula ndi kumvetsera nthawi yaitali ataimirira njo, ndipo potsitsa foni maso ake anali ndi misozi.

"Alamu, mwapambana."

"Akubwera ndi galimoto kapena boti?"

"Ndani?"

"Apolisi!"

"Palibe wapolisi. M'chilolezo chomwe boma linapereka muli ndime yakuti malo opatulika a anthu sakhudzidwa. Abwana akuti alembera unduna lero lomwe kuti malo anu adulidwe m'gawo la kampani."

"Adulidwe mpaka liti?"

"Mpaka muyaya. Ngakhale kampani ina itabwera, pamenepo sidzapondapo."

A Nokul anatsika pabenchi pang'onopang'ono.

"Sizinathe," anapitiriza Porimol mokondwa. "Aikapo chigubu choyandama chokhala ndi nyali, ndipo pamapu alembapo dzina lanu. Woyang'anira malowo mukhala inu. Tsiku lililonse muzikaona ngati nyali ikuyaka."

"Tsiku lililonse."

"Ngakhale nyengo ya mvula."

"Ndi ambulera?"

"Ambulera ndi ya ambendera."

"Nkhomaliro?"

"Ndinafunsa. Akuti munthu amene wakana nkhuku pagulu sangamunyozenso ndi nkhuku."

"Wawauza ndani za nkhuku?"

"Munati ndisachotsepo ngakhale liwu limodzi, ndiye ndinawonjezera zomwe zinatsala kumayambiriro."

Gombe lonse linaphulika. Wina anathamangira kukachisi kukatenga nkhata ya maluwa n'kuwaveka m'khosi. A Horipodo, aja ogwidwa dzanja poterera, anabwera kudzawakumbatira akulira kuti iwo analibe mtima wotere. Kumadzi maboti anayamba kunyamuka kupita ku ntchito, aliyense atatsamira pansi pa ambulera, akukupiza mbendera yofiira kulemekeza ngwazi. A Nokul anamwetulira ngati munthu woluma mwala mumpunga pa ukwati, n'kumugwira Porimol pamkono.

"Tiye kuno, mlamu. Nkhani ya pabanja."

Anamukokera kuseri kwa thandala loyanikapo nsomba, komwe kunali ntchentche ndi galu mmodzi basi.

"Iwe, amayi ako anakubereka m'mudzi muno kapena anakutola m'sitima?"

"M'mudzi muno. Kuseri kwa kachisi."

"Nanga mlendo akati wakhuta, amatani?"

"Amamuchotsera mbale."

"Amamuwonjezera! Mayo ine! Amamuwonjezera mpaka alephere kuimirira!"

"Ngakhale wanena yekha kuti wakhuta?"

"Makamaka akanena yekha!"

Porimol anayasama. "Ndiye tiyi uja munkamufuna?"

"Ndi bisiketi yomwe."

"Nanga achemwali akamati, 'Pobwera usatenge kanthu, bwera chimanjamanja'?"

"Umabwera ndi chiyani?"

"Chimanjamanja."

"Ndiye ukachoka amalira, n'kumati kunja kunamudyera mlongo wake."

"Ine ndimayesa akulira pondisowa!" Porimol anakhala pansi pamchenga, manja kumutu. "Nanga mkazi wanga pamene anati ndisamugulire ndolo zagolide, n'kuwononga ndalama?"

"Sunagule?"

"Ndinamuyamika kuti ndi mkazi wanzeru."

"Ndipo akadali nawe? Mkazi ameneyo ndiye woyenera chigubu cha nyali, osati ine."

Kugombe injini ya boti la kampani inatsokomola n'kuyamba kulira. Madzi anali atayamba kubwerera, ndipo likanyamuka limenelo mbendera inyamuka nalo. A Nokul anayang'ana uku ndi uku. Manyazi anapha lambe. Anavula nkhata ya maluwa ija, ananjuta pafupi ndi mlamu wawo, ndipo mawu awo anali ena, opanda ng'oma.

"Tamvera, Porimol. Pa nsichi paja palibe nsomba. Zinatha kale. Ndimapita kuti anthu andione ndikupita. Pobwera ndimagula nsomba kwa anyamata a maboti akuluakulu n'kuziika m'dengu, kuti mlongo wako asadziwe. Iye akudziwa, koma amaziyamika kuti za pa nsichi za bambo zimakoma mosiyana. Msanawu sulolanso kukoka ukonde. M'mawa ndimachita kukwawa kuti ndifike pakhomo. Ndatopa, mlamu. Ndikuchita mantha kuti tsiku lina ndidzagwera m'madzi ndili ndekha, popanda wondiona."

"Nanga phulusa?"

"Unautsuka bwino mphika uja."

"Mayi Ganga?"

"Andikhululukire. Ine ndikagona ndimalota nkhuku."

Porimol anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. "Bwanji osangonena, alamu?"

"Ndinene pagulu kuti ndasiya nsichi za bambo anga? Mawa ndikagule ndiwo kumsika uti? Munthu waulemu satchula chomwe akufuna. Amanena chinacho, wanzeru n'kumva."

"Amanena chinacho," Porimol anabwereza pang'onopang'ono, ngati mwana wa sukulu.

"Eya."

"Akati ayi, ndiye kuti inde."

"Eya!"

"Chomwe chatuluka pakamwa, ine ndizitenga chinacho."

"Eyaa! Ha, mutu uja wabwerera kwawo! Bwera ndikupsompsone pamphumi."

"Pepani, alamu. Ndakuchititsani manyazi zaka zonsezi. Kuyambira lero sindidzalakwitsanso, ndikulumbira pali achemwali."

"Zatha, zatha. Tsopano fulumira boti lisananyamuke. Imba foni. Uwauze amayi aja kuti ndavomera. Asalembe kalata ku unduna. Abwere azule nsichi zonse lero lomwe, ndiwathandiza kukoka. Chigubu sindichifuna, nyali sindiifuna, dzina pamapu sindilifuna. Ndikufuna mbendera, ndikufuna ambulera, ndikufuna nkhuku, kaya yamsuzi kaya yokazinga. Ndavomera, mlamu! Ndavomera ndi mtima wonse!"

Porimol anawayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anamwetulira mpaka m'makutu, anaphethira diso limodzi mwamphamvu, anaponya foni m'thumba, n'kukoleka chikwama paphewa.

"Aaa, alamu, kachiwiri simundigwira. Ndamva bwinobwino. Nsichi zanu palibe adzazikhudze ine ndili moyo."